Mlaliki Amene Anatukwana Maliro

Bambo aakulu, a Sailasi Zulu, akulu awo a bambo anga, anamwalira mwezi wathawu ali pa chilango cha mpingo. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene akufuna mbiri ya munthu woyera asataye nthawi, apite akapalire mtedza. Akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana ngati n'kololedwa kuimba nyimbo pa maliro awo, popeza lamulo limati munthu wodulidwa amaikidwa mwakachetechete. Chovuta chinali chakuti mwa akulu onsewo panalibe amene sanaphunzire katekisimu kwa malemuwo, ndipo panalibenso amene ankakumbukira bwino chimene anadulidwira. Anagamula mwanzeru: tiimbe, koma motsitsa mawu, kuti lamulo lisamve.

Ine chimene anadulidwira ndikuchikumbukira, chifukwa ndinafunsidwa uphungu pa nkhaniyo. Ndi ntchito yokhayo ya uphungu imene ndinagwirapo, ndipo uphungu wangawo sunatengedwe.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati mpini, mlaliki wa tchalitchi chathu chaching'ono cha kufupi ndi msewu wa ku Mtenguleni. Ankavala jekete lakuda limene dzuwa linalisandutsa lobiriwira m'mapewa, ndipo sankalivula ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Sindinawaonepo akuseka. Amayi aakulu, akazi awo, ankati anasekapo kamodzi chaka cha dzombe, koma achibale titafufuza bwino tinapeza kuti kunali kutsokomola.

Chuma chawo chinali mawu atatu a Chigiriki. Ali ku sukulu ya alaliki, mzungu wina wokalamba anayamba kuwaphunzitsa chilankhulo chimene atumwi analembera. Anayambira pa mawu onena za kukondweretsa Mulungu, akumati ena onse adzabwera pambuyo. Mvula isanathe mzunguyo anadwala nakwezedwa pa lole, ndipo Chigiriki cha bambo aakulu chinathera pomwepo. Koma munthu amene ali ndi ng'ombe zitatu amazidziwa bwino kuposa mwini khola lodzaza.

Oyamba anali yuwaresitosi, kutanthauza chinthu chimene Mulungu wachiona n'kukondwera nacho, monga nsembe imene yalandiridwa. Achiwiri anali anthuroparesikosi, munthu wokondweretsa anthu anzake. Ankaphunzitsa kuti mawu awiriwa ndi ana a mayi mmodzi, aresiko, ndiko kukondweretsa, ndi kuti atumwi ankagwiritsa ntchito mayi yemweyo ponena za mwamuna wokondweretsa mkazi wake, msilikali wokondweretsa mkulu wake, ndi munthu wokondweretsa Mlengi. Khasu ndi limodzi, ankatero, funso ndi lakuti ukulima munda wa yani. Mawu achitatu, yudokiya, kukondwera kumene kumayambira mwa Mulungu mwini popanda womukakamiza, sankawatulutsa kawirikawiri. Ankawasunga ngati mbewu.

Achiwiri aja ndiwo ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kwaya ikakweza mawu chifukwa kwabwera mbusa wachizungu, anthuroparesikosi. Mphunzitsi akamanga tayi tsiku lobwera woyendera sukulu, anthuroparesikosi. Mtsikana akasesa kumaso kwa nyumba n'kusiya kuseri, chimodzimodzi. Mawuwo anafala mpaka ana a m'mudzi ankakuwiza nawo galu wogwedezera mlendo mchira. Tsiku lina ndinawauza kuti popeza mawuwo akuyamba ndi anthu, n'zoonekeratu kuti Agiriki anadutsako kwathu ku Kasenengwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa bambo anga ngati ndinagwapo mumtengo ndili mwana.

Mdani wawo wokondedwa anali mlamu wawo, a Evalisito Banda, alongo awo a amayi aakulu: Mkatolika, kalipentala, mlimi wa thonje, ndiponso munthu amene sankadutsa pakhomo pofululidwa mowa osafunsa za umoyo wa eni nyumba. Bambo aakulu anachita cholakwa chimodzi chachikulu pa moyo wawo wa mikangano, chimene chinali kuuza a Evalisito kuti dzina lawolo linachokera ku mawu oyamba aja.

“Ndiye mwavomera, alamu,” anatero a Evalisito. “Ine ansembe anangondipatsa pa ubatizo, ndili khanda. Inu mukuvutikira chinthu chomwecho ndi jekete pa dzuwa.”

“Dzina ndi chikwangwani,” anayankha bambo aakulu. “Sitolo ikhoza kukhala yopanda katundu.”

“Koma anthu amaima pa chikwangwani, alamu. Kwanu kuli katundu, koma amagula ndani?”

Ankakangana chonchi Lamulungu lililonse masana, wina akuchokera ku Misa wina ku mapemphero, mpaka amayi aakulu atabweretsa madzi osamba m'manja.

Sikuti zonse za iwo n'zoseketsa. Kunali mayi wina wamasiye, NaMvula, amene analibe womulimira. Anafulula mowa wa dima, uja umaitanira anthu kudzalima munda wako tsiku limodzi. Bambo aakulu anamutengera ku bwalo la akulu, nadulidwa. Dzinja lomwelo anamwalira. Anaikidwa popanda nyimbo, bambo aakulu ataima pa njira ya kumanda kuti aone kuti lamulo lasungidwa. Amayi anga anayamba nyimbo m'khosi, osatsekula pakamwa, ndipo iwo anangotembenuka n'kuwayang'ana. Nyimbo inafera momwemo. Pamenepo nthabwala ndilibepo.

Za ine n'zachidule. Bambo aakulu ndiwo anandichitira umboni kuti ndipite ku koleji ya aphunzitsi. Ndinakhalako mpaka koleji ndi ine tinadziwana bwino, ndipo titadziwana tinasiyana. Kuyambira tsiku limene ndinatsika basi ndi bokosi langa, moni wawo kwa ine unafupika kufika pa mawu amodzi: “Wadzuka.” Silinali funso. Linali ngati dandaulo.

Zinali zaka za Chitaganya, tawuni ya Chipata ikadali Foti Jemusoni, ndipo boma linali litagwidwa ndi mzimu wa migula. Munda uliwonse wa pamtsetse unkayenera kukhala ndi migula yopingasa yotchinga madzi. Kwathu anatumizako mlangizi wa zaulimi dzina lake Chanda, Mbemba wa kumpoto, wa kabudula wa khaki, njinga, ndi mtolo wa zikhomo zoyezera. Anamupatsa kanyumba ka boma m'mphepete mwa dambo, mmene ankakhala ndi mkazi wake, amene tinkamudziwa ndi dzina lakwawo loti Bana Mulenga, ndi khanda lawo Mulengayo.

Chanda sanali munthu woipa mtima, koma ankakhulupirira zikhomo zake monga bambo aakulu ankakhulupirira Chigiriki. Wosakumba ankamutengera ku khoti la mfumu. Aroni, mnyamata wa mbali ya kumtunda, anakagona kundende chifukwa cha iye, ndipo pobwera anapeza ng'ombe zitamudyera thonje lonse. Anabwerako ali wa ndale, mtsogoleri wa anyamata odana ndi Chitaganya. Bambo aakulu nawonso anaimapo pa khotilo, chifukwa anazula zikhomo zimene zinadula njira ya kutchalitchi. Atafunsidwa kuti wazula ndani, anati “Ndine” woweruza asanatsirize funso. Anawalamula kukumba mgula wonsewo okha m'chilimwe, nthaka ili gwa ngati njerwa yowotcha.

Okutobala wina Chanda anagwidwa ndi malungo, ndipo m'mawa wina tinamva mfuu kudambo. Mwambo wathu mukuudziwa: mfuu ya maliro ikamveka, khasu limagwa pansi. Tsiku limenelo makasu sanagwe. Aroni ndi anzake anayenda khomo ndi khomo akuti, “Chitaganya chinamubweretsa, Chitaganya chimuike.” Ena anamvera chifukwa cha mantha, koma ambiri, kunena zoona, matuza a migula anali asanapole m'manja mwawo. Uthenga unapita kuboma, koma mzungu wa zaulimi anali pa ulendo kuchigwa, ndipo kalaliki anati nkhaniyo idikire mwini wake. Mfuu ya mayi uja inkachepa dzuwa likamakwera. Kutacha tsiku lotsatira tinkangomva khanda.

M'mawa umenewo ndinali pakhonde ndikupuma, pokonzekera kupuma kwa masana, pamene mthunzi wautali unagwa pa miyendo yanga.

“Gidiyoni.”

“Bambo.”

“Ndinamva kuti kukoleji unkaseketsa anthu.”

“Ndi phunziro lokhalo limene ndinakhoza, bambo.”

“Ndiphunzitse.”

Ndinayang'ana kumwamba kuti ndione ngati kukubwera mvula ya matalala. Iwo anakhala pa mtondo wogadamika, naika chipewa pa bondo, nandiuza kuti dzulo lake anapita kudambo. Anapeza mtembo pa mphasa, mayi ataukhalira pafupi akuingitsa ntchentche ndi chitenje. Anawerenga Mawu, anapemphera, mayiyo anati ameni. Pobwerera anayenda m'makomo kupempha amuna okumba manda, ndipo aliyense anati “Tamva, aphunzitsi,” osadzuka. Koma chimene chinawasowetsa mtendere chinali funso limene mayiyo anawafunsa akutuluka pakhomo, m'Chinyanja chake chotsimphina: “Kodi kuno kulibe Angoni?”

Amene simuli a kuno mumve. Angoni ndi Abemba anamenyana kalekale, palibe anagonja, ndipo atatopa anasanduka mbuya, abale a chipongwe. Mbemba akafera pakati pa Angoni, ife ndife osambitsa, okumba, onyamula ndi ophika, ndipo timachita zonsezo tikumutukwana womwalirayo, kumuseka, ndi kuthira ufa abale ake kumutu. Mngoni akafera kwawo, iwonso amabweza. Chimenecho ndicho chimbuya. Kumuika Mbemba mwaulemu, nkhope zili zyoli, ndiko kumuuza kuti kuno analibe wake.

“Bambo,” ndinatero, “lamulo la mishoni likuletsa miyambo ya pamaliro, ndi zolankhula zopanda pake.”

“Ndikulidziwa. Ndimaliwerenga ndine.”

“Akuchotsani pa guwa.”

“Ndakufunsa za nthabwala, sindinakufunse za guwa.”

Choncho ndinatsekula sukulu. Ndinati chinthu choyamba, mukafika munene kuti Chanda anaba mbuzi.

“Anaba?”

“Ayi, koma Mbemba timamunena choncho.”

“Ndiye sindinganene.”

“Chabwino. Nenani kuti wafa chifukwa chosowa nyama ya pusi. Abemba amadya apusi.”

“Unamuona akudya?”

“Sindinamuone, koma anthu onse amadziwa.”

“Anthu onse ankadziwa kuti iwe udzakhala mphunzitsi.”

Ndinawauza kuti imeneyo inali nthabwala yabwino ndithu. Anati sinali nthabwala. Ndinayesa zina, zonse anazikana pa chifukwa chomwecho: sakananena bodza, ngakhale lovala nsalu ya mwambo. Potsiriza anadzuka, navala chipewa, nati andithokoza, aphunzirapo chimene sayenera kuchita. Analowa m'nyumba ya amayi anga, natuluka ndi mbale ya ufa. Khasu pa phewa, mbale m'manja, jekete pathupi, analunjika kudambo.

Munthu wotere sangadutse m'mudzi osaonedwa. Pofika kudambo anali ndi gulu kumbuyo, koma gulu lake lotsalira patali, limene linakaima pansi pa mkuyu moyang'anana ndi kanyumba kaja, aliyense akuoneka ngati wangodutsa. A Evalisito analipo. Aroni analipo ndi anyamata ake, manja atapinda pachifuwa.

Bambo aakulu anaima pakhomo. Anatsamiritsa khasu pa khoma. Anakonza kukhosi monga ankachitira pa guwa, ndipo ndi mawu omwewo a Lamulungu, ofika mpaka kutsidya kwa dambo, anati:

“Chanda, mwana wa Abemba, ndabwera ndi mitu itatu.”



“Mutu woyamba. Kwanu mumalima ndi nkhwangwa. Mumakwera mumtengo, kusadza nthambi, kuzitentha, ndi kufesa mawere m'phulusa. Iwe munthu wolima uli m'mwamba, anakutuma ndani kudzaphunzitsa Mngoni kugwira khasu?”

Wina anatsamwa. Anali a Evalisito.

“Mutu wachiwiri. Unkatiuza tsiku ndi tsiku kuti madzi asathamange, aziyenda pang'onopang'ono. Nanga iwe wathamangira kuti, mvula isanagwe n'komwe? Wathawa kuti usaone migula yako ikugumuka?”

A Evalisito anagwira mtengo. Amayi ena anaphimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Bambo aakulu nkhope inali ija ya pa Mgonero.

“Mutu wachitatu, umene uli waukulu. Unatikumbitsa nthaka youma chilimwe chonse, iwe manja ali m'thumba. Lero wagona dala, m'mwezi wouma kuposa yonse, kuti tikukumbirenso. Ulesi wotere sindinauwerengepo ngakhale mwa Afilisti. Dzuka, tenga zikhomo zako utiyezere dzenje, tingakumbe mokhota n'kutitengeranso kukhoti.”

Apo mkuyu wonse unaphulika. Anthu sanaseke chifukwa chokhululuka. Anaseka chifukwa zonse zinali zoona, ndipo ankazinena ndi munthu amene chibadwire sanaseketsepo ngakhale khanda.

Bana Mulenga anali atatulukira pakhomo, mwana kumsana, maso otupa. Bambo aakulu anatapa ufa m'mbale. Dzanja linaima m'malere kanthawi, pakuti munthuyu anali asanakhudzepo mutu wa mkazi wa mwini. Kenaka anauthira pang'onopang'ono, mosamala, ngati akubatiza. Ufa unatsikira kumaso kwa mayiyo, wina unagwera khanda. Mayiyo anawayang'ana, nayang'ana gulu la pansi pa mtengo.

“Mwachedwa, mukwai,” anatero, akuwatchula ndi mawu aulemu a Chibemba. “Kapena mumayamba mwatsiriza kukumba mbewa?”

Bambo aakulu analingalira funsolo mofatsa.

“Mbewa timadyadi, mayi,” anayankha.

Mayiyo anayamba ngati akuseka, koma kusekako kunathyoka pakati n'kusanduka mfuu, yaikulu kuposa ya tsiku loyamba, mfuu ya munthu amene tsopano ali ndi omulirira. Amayi anga ndiwo anayamba kuchoka pansi pa mtengo. Amayi ena anatsatira akulira, akutapa ufa m'mbale muja podutsa.

Aroni anabwera akuthamanga, ndipo iye sankachita mwambo. Anaima pa zenera natukwana mtembowo ndi mtima wake wonse: za ndende, za nsabwe za kundende, za thonje lake, za amayi ake amene anagona ndi njala chaka chimenecho. Mawu ena sindingawalembe. Atatha mpweya, a Evalisito anamugwira paphewa namupatsa khasu la bambo aakulu.

“Watukwana bwino, mbuya. Wotukwana ndiye amakumba.”

“Ine sindikuseka!” anakuwa Aroni.

“Alamu anganso sakuseka,” anatero a Evalisito.

Aroni anayang'ana khasulo, nayang'ana anthu onse amene anamumva akutukwana maliro a Mbemba pamaso pa mkazi wake. Kwathu amene amachita zimenezo ndi mitundu iwiri yokha, mbuya kapena mfiti. Anasankha. Anakumba ngati akupha nthakayo, ndipo anyamata ake, posafuna kuti mtsogoleri akumbe yekha, anakatenga makasu.

Matabwa a bokosi panalibe. A Evalisito anayang'anayang'ana, kenaka anazula chitseko cha kanyumba ka boma kaja. “Munati Chitaganya chimuike,” anatero akuchipala. “Nachi chaperekapo chitseko.” Dzuwa lisanapendeke kwambiri Chanda anali m'manda, ndipo bambo aakulu anapemphera pa mtumbira jekete lili mbuu. Patapita masiku lole ya boma inabwera kudzatenga mayi uja ndi mwana kupita nawo kwawo.

Bwalo la akulu linakhala mwezi womwewo, mbusa wachizungu ali pampando. Sanali munthu wankhanza. Anati kuika maliro n'chinthu chabwino, ndipo iye mwini anachita manyazi kuti mtembo unagona choncho pafupi ndi tchalitchi. Chimene ankafuna n'chakuti bambo aakulu aimirire pamaso pa mpingo ndi kunena kuti akumva chisoni chifukwa cha ufa ndi mawu achipongwe. Akalola ufa wa mlaliki lero, anatero, mawa adzaletsa bwanji ng'oma ndi mowa pa maliro?

“Mukunena zoona,” anayankha bambo aakulu. “Inenso ndinanenapo mawu omwewo za munthu wina.”

“Ndiye mupepesa?”

“Chisonicho ndilibe. Ndikaimirira n'kunena kuti ndili nacho, ndidzakhala ndikunena kuti inu mukondwere.”

Anawachotsa pa guwa ndi pa Mgonero kufikira tsiku limene adzapepese. Mbali inayo nakonso sikunabwere zikomo. Anyamata a ndale anati mkuluyu anawakola ndi mwambo kuti aike munthu wa azungu, ndipo mvula itagwa wina anawazulira mtedza munda wonse. Aroni, amene anakumba kuposa onse, sanawapatsenso moni mpaka Chitaganya chinatha. Amayi aakulu, amene anataya ulemu wa mkazi wa mlaliki pamodzi ndi mtedzawo, ankati, “Mulungu mwina wakondwera. Ine ayi.”

Abusa achikuda atayamba kubwera, aliyense ankayesa kukonza nkhaniyi. Ankati, “Bambo, kapepani kakang'ono chabe, ka pakati pa ine ndi inu, kuti lamulo likwanire.” Iwo ankafunsa ngati kapepani kakang'ono kali ndi bodza laling'ono, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Ena amati kunali kuuma mutu, ndipo ine monga wachibale sindingatsutse. Banja lathu mitu ndi yotero, wanga wokha ndiwo unafewa. Ndikuganizanso kuti panali china. Sanatchulepo dzina la NaMvula, koma chaka ndi chaka, udzu ukakula, ankapita ndi khasu kumanda, ndipo mitumbira imene ankalambula inali iwiri.

Atakalamba ndinawafunsa tsiku lina, tikusenda chimanga, kuti zimene anachita kudambo zija zinali mawu ati mwa atatu aja. Ndinati achiwiri sangakhale, chifukwa sanakondweretse mzungu, sanakondweretse Aroni, sanakondweretse ngakhale akazi awo. Ndiye kuti anali oyamba. Anapukusa mutu. Anati kukwiyitsa anthu onse si umboni wakuti wakondweretsa Mulungu, pakuti njoka nayonso imakwiyitsa anthu onse. Anati wophika sayamikira ndiwo zake, amangopereka mbale. Kenaka anatulutsa mawu achitatu aja, motsitsa, ngati munthu akutsekula nkhokwe ya mbewu, nati ngati Mwini wake adzakondwere, kudzakhala kukondwera kochokera kwa iye, osati kwa ufa.

Zaka zonsezo sanajombe kutchalitchi. Ankakhala kumapeto kwa benchi lomaliza, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala odulidwa: atsikana otenga mimba asanakwatiwe, amuna amitala, amayi ofulula. Tsiku la Mgonero, mbusa akati amene sali oyenera atuluke, iwo ankayamba kudzuka, n'kugwirira anzawo chitseko. Panja ankanyamula makanda a atsikanawo kuti amayi awo apume. Kuli anthu akuluakulu lero ku komboni ya Nabvutika ku Chipata ogulitsa makala amene amadziwa mawu atatu a Chigiriki, ndipo sadziwa kuti anawatenga kuti.

Sabata yatha kunabwera mlendo kunyumba kwanga, bambo wojintcha, wa chikwama cha paphewa, amene anati wachokera ku migodi. Anamva uthenga wa maliro pa wailesi, koma basi inawafera panjira, ndiye anapeza zonse zitatha. Anati dzina lake ndi Mulenga Chanda. Amayi ake, asanamwalire, anamulamula kuti tsiku limene adzamve kuti Mngoni wamtali wa jekete wafa, asadzatume munthu, adzapite yekha akamutukwane.

Ndinapita naye kumanda. Anaima pa mtumbira. Anati malemuwo sankawadziwa, akusowa poyambira. Ndiye ndinamutengera kutchalitchi, mkati mwa sabata, mulibe munthu.

Benchi lomaliza lija ndi la mlombwa, lakale, lokhakhala paliponse kupatula kumapeto kwa kukhomo. Pamenepo thabwa linasalala mpaka kuwala, ndipo linalowa pang'ono ngati chikho. Pansi, pa simenti, pali tizigamba tiwiri tofufuma pamene pankaponda nsapato. Pakhoma pali msomali wa chipewa, wopanda chipewa. Lamulungu awiri apitawa odulidwa akhala akupanikizana mbali inayo, wina pafupifupi pa miyendo ya mnzake, ndipo palibe amene anawauza kutero.

Mulenga anayeza malo osalalawo ndi chikhato chake. Anakwana chikhato chimodzi ndi zala pang'ono.

“Ndiye kankhalamba kodya mbewa kanali kopanda matako chonchi?” anatero.

Anatula chikwama, nakhala pansi pa simenti, pambali pa benchilo.